Pabango Pomwe Abambo Safika

Chaka chilichonse udzu ukayamba kuuma, aNachisale amanyamula khasu n'kutsikira kumtsinje okha. Sauza munthu. Amakalambula mzere kuzungulira bango lomwe lili kuseri kwa mkuyu, kuti moto wa osaka mbewa usalowemo. Akatha amadula minga n'kutseka mipata yomwe nkhumba ndi agalu aboola. Ntchitoyi imawatengera masiku anayi, ndipo ayigwira kwa zaka pafupifupi makumi asanu popanda wowapatsa ngakhale kasopo.

Dzina lawo ndi Malita Chisale, koma m'mudzi mwathu muno, kudera la Kabudula, palibe amawaitana choncho. Ndi mayi wamfupi, wa mawu okweza chifukwa khutu limodzi linagontha. Amalima mtedza, ndipo Lachinayi sajomba ku Chigwirizano, msonkhano wa amayi a mpingo wathu. Amuna awo, a Damiano, anali telala wochokera ku Nsaru, anamwalira kalekale.

Kuti mumvetse za bango limenelo ndiyenera kunena chinthu chomwe ife amayi sitinena pagulu. Kwathu kuno mwana akabadwa wakufa kale timati ndi mtayo. Mtayo salira maliro. Sakhoma bokosi, sapita nawo kumanda, ndipo mpingo suyimba. Amayi okha amaukulunga m'kansalu n'kupita nawo kudambo, komwe nthaka ndi yofewa. Dzenje silizama, chifukwa akale ankati ukakumba kwambiri watsekera mayiyo njira yoberekera. Abambo sapitako, safunsa, ndipo sauzidwa malo ake. Amangomva kuti zalephereka, basi n'kubwerera ku ntchito zawo.

Mimba yoyamba ya aNachisale inathera pomwepo, mu 1974. Amayi awo aakulu ndiwo ananyamula kansaluko, ndipo iwo anauzidwa kuti asalire, aiwale. Patatha sabata anadzuka n'kulondola mapazi mpaka kumtsinje wa Kamwankhuku. Anapeza nkhumba zafukula malo awiri. Sanadziwe ngati amodzi mwa malowo anali a mwana wawo, ndipo mpaka lero sadziwa. Anabwerera kunyumba, anatenga chikwanje, anakadula minga. Ntchito yawo inayambira pamenepo, ndipo palibe anawatuma.

Atabereka ana asanu anakhala mzamba, mpaka pomwe boma linanena kuti amayi azikachilira kuchipatala. Sanatsutse. Anayamba kuperekeza apakati ku Kabudula, kukagona nawo pasimenti, kuwaphikira phala. Zikayenda bwino amabwera akuimba. Zikapanda kuyenda amabwera ndi kansalu, n'kuitana amayi awiri kapena atatu. Pamalo aliwonse amakwirirapo phale, kachibenthu ka mphika wosweka, n'kusiya kansonga kokha panja. Mapalewo alibe mayina. Mayina ali m'mutu mwawo.

Mtsinjewo ndiye unkatha tikuona. Mitengo ya m'mbali inathera m'zigafa za fodya ndi m'mauvuni a njerwa. Madimba anafika mpaka m'madzi, magombe n'kumagumuka mvula iliyonse. Pofika Seputembala tinkakumba mchenga kuti tipeze madzi ochapira. Choncho bungwe lina litabwera zaka zitatu zapitazo kuti litithandize kukonza mtsinje, tinalilandira ndi manja awiri. Linabweretsa mbande za mitengo, nsungwi ndi udzu wa vetiva, ndiponso linalonjeza damu la nsomba. Machubu zikwi zisanu ndi chimodzi a pa nazale tinathira dothi ndife amayi, kuthirira m'mawa ndi madzulo ndife. ANachisale sanaphonyepo tsiku. Pa chithunzi chomwe chinajambulidwa pa nazalepo pali abambo a mukomiti atagwira keni.

Mlangizi wa bungwelo anali a Kelvin, munthu waulemu, wokonda kufunsa. Anati asanayambe kukumba chilichonse akufuna amve mbiri ya mtsinje kuchokera kwa eni ake, kuti malo ofunika asaonongedwe. Anaitanitsa msonkhano pasukulu, anayala chipepala chachikulu chomwe anajambulapo mtsinje, n'kupempha anthu kuti aloze zomwe akukumbukira.

Ine ndine mlembi wa komiti ya mtsinje, koma tsikulo kope langa linangokhala pampando. Apampando athu, a Gladson, anati alendo sangabwerere ndi njala, choncho amayi tonse tinali kuseri kwa kalasi, ena kusenda mbatata, ena kutsuka makapu. Zokambidwa tinkazimvera pawindo. Madoda anakangana ola lathunthu ngati chomwe chinagwira mbuzi ya a Edward chaka cha chigumula chinali ng'ona kapena galu wa a Edward omwewo. Analoza pomwe panali mlatho wamitengo, pomwe ankaviika nsungwi, pomwe anyamata ankaphunzirira kusambira. Zonse zinalembedwa.

Ndikubweretsa thobwa ndinamva a Kelvin akufunsa, “Nanga apa, kuseri kwa mkuyu?”

“Apo palibe kanthu,” anayankha a Gladson. “Bango basi. Palibe amalimapo, palibe mwini wake.”

Madoda onse anavomera, ndipo sananame. Ankanena zomwe ankadziwa. A Kelvin anazunguliza malowo ndi cholembera chofiira n'kulemba kuti damu. Ine ndinaima ndi ndowa m'manja. Wanga ali pomwepo, wa mu 2006. Koma mawu ake ndikanawayamba bwanji pamaso pa apongozi anga aamuna? Ndinathira thobwa m'makapu n'kutuluka.

Patapita milungu iwiri, m'bangomo munakhomedwa zikhomo zopaka utoto wofiira. ANachisale anazipeza popita kukalambula. Anazula zonse khumi ndi ziwiri, anazimanga ndi luzi ngati nkhuni, anazisenza mpaka pakhonde la a Gladson. Ine ndinali pomwepo, tikulemba mayina a okakumba.

“Apampando, nkhuni zanu izi. Munaziiwala kudambo.”

“Mayi, mwatani kodi? Izi n'za bungwe! Anayeza ndi tepi tsiku lonse.”

“Akayezenso pena. Pamene paja pasakumbidwe.”

“Chifukwa?”

“Pali chifukwa.”

“Chinenenitu, tichimve.”

“Si cha makutu anu.”

A Gladson anaseka n'kutembenukira kwa ine. “Alembi, lembani m'kopemo kuti damu laletsedwa ndi chifukwa chomwe si cha makutu athu. Tikawawerengera a bungwe, eti?” Kenako anafewetsa mawu. “Mayi, pamsonkhano paja munalipo. Bwanji simunanene?”

“Ndinalipo, ndi mpeni wosendera mbatata zomwe munadya.”

Mawa lake zikhomo zinabwezeretsedwa, ndipo kunalengezedwa kuti kukumba kuyamba Lolemba.

Lachinayi titatha mapemphero a Chigwirizano, aNachisale anatiimitsa pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi. Ananena mosazungulira kuti Lolemba akawauza abambo zomwe zili m'bango. Woyamba kuyankha anali amayi a Nancy, amene amalangiza atsikana m'mudzi muno, munthu yemwe mawu ake sagwa pansi.

“Malita, mutu ukuyenda bwino? Mwambo uwu tinaupeza. Ukawauza abambo lero, mawa ana adziwa, mkuja akuseweretsa mapale aja. Tingopita usiku uliwonse n'kumazula zikhomo mpaka atope.”

“Atope ndani? Iwo ali ndi utoto chigubu chathunthu, ine ndili ndi msana umodzi. Akale anatiuza kuti tibise kuti ana agone bwino. Tsopano kubisa komweko ndi komwe kukuwafukula. Ndisunge mwambo, ndipereke ana ku mafosholo?”

“Ukatero usadzabwerenso pakhomo panga.”

“Pakhomo panu ndinabwerapo kawiri ndi kansalu, mayi. Sindinabwere kudzacheza.”

Amayi a Nancy anatola Baibulo lawo n'kumapita, ndipo ambiri anawatsatira.

Chomwe anthu satchula akamakamba nkhaniyi ndi ntchito yomwe aNachisale anagwira Lachisanu ndi Loweruka. Anayenda khomo ndi khomo, kwa mayi aliyense amene ali ndi phale m'bangomo, kupempha chilolezo. Ankamuitanira kuseri kwa nkhokwe n'kunena kuti, “Mwanayo ndi wako, si wanga. Ukakana, sinditchula.” Anayenda makomo makumi awiri ndi anayi, ena kutsidya kwa mtsinje, ndi mwendo wotupa. Ovomera tinali asanu ndi awiri okha. Ine ndinavomera nditawabweza kamodzi.

Akazi a apampando, a Jenipher, anakanitsitsa. “Bambo a Faith ndi apampando. Mukufuna anthu aziti mkazi wawo yemwe ndi amene wagwetsa damu? Mukangotchula dzina langa, mayi, ine ndi inu tathana.”

“Ndamva. Sindikutchula.”

Lolemba m'mawa abambo okwana khumi ndi asanu anatsikira kumtsinje ndi makasu, mafosholo ndi mawilibala. A Kelvin anali patsogolo ndi tepi yawo. Ife amayi tinali pambuyo ndi ndowa za thobwa la okumba, poti nalonso linagwera ife. Titafika pa mkuyu tinapeza aNachisale ataima pa chikhomo choyamba, atavala yunifomu ya Chigwirizano: bulauzi yoyera, siketi yakuda, duku loyera. Pakati pa sabata, osati Lachinayi, chovala chimenecho timavala pokhapokha kukagwa maliro.

“Mayi, mwasokera?” anafunsa a Gladson. “Maliro ali kuti?”

“Ali patsogolo pa nsapato zanu. Musasunthe.”

Ena anaseka. ANachisale anawerama, anapatula udzu ndi dzanja, kansonga ka phale n'kuonekera.

“A Edward, bwerani muone, koma mulekeze pomwe pathera udzu wolambula. Uyu ndi wanu. Chaka chomwe munagula ngolo. Wamkazi.”

A Edward anasendera n'kusuzumira phalelo. Akazi awo, amene anali pafupi ndi ine, anatula ndowa n'kuyang'ana pansi. ANachisale anayenda mapazi atatu n'kuweramanso.

“A Nickson, awa ndi anu. Anali awiri, ndinawagoneka pamodzi.”

Anapitiriza choncho, osathamanga, osalira, ngati munthu woonetsa alendo mizere ya m'munda mwake. Atatchula amuna anga, iwo anandiyang'ana, ine n'kugwedeza mutu. Anavula chipewa. Mapale ena aNachisale ankawadumpha osanena kanthu, koma aliyense ankaona kuti akudumpha, ndipo odumphidwawo anali ochuluka kuposa otchulidwa.

A Kelvin anali atapinda tepi yawo. “Amayi, pepani. Ine ndinafunsa. Pamsonkhano paja ndinafunsa za malo ano.”

“Munafunsa, mwana wanga, sindikukana. Koma munafunsa omwe anakhala pamipando.”

“Vuto ndi lakuti mapu anavomerezedwa kale ku ofesi. Kusintha kutenga nthawi, ndipo mvula ikatipeza tisanakumbe, damu la chaka chino lapita.”

“Pepala limafufutika. Awa mukawafukula muwabwezera ndi chiyani?”

Apa a Gladson anapsa mtima. Si munthu woipa. Anathamangira ntchito ya mtsinjeyi chaka chathunthu pa njinga yawo, ndipo ankaona ikuwapulumuka m'manja. “Anthuni, tisatengeke. Zinthu izi zinachitika kale, eni ake anaiwala. Ana amoyo akufuna nsomba. Tikhoza kusuntha mapalewa mwaulemu n'kukawaika pena. Ine sindikunena chifukwa choti sizikundikhudza ayi, ngakhale kuti anga onse anayi ali moyo.”

Ndinayang'ana aNachisale. Ndinkadziwa chomwe chinali pa lilime lawo, ndipo mawu amodzi okha akanathetsa nkhani yonse. Anatseka pakamwa n'kuyang'ana kumtsinje. Analonjeza, ndipo anasunga.

“Asanu.”

Anali a Jenipher. Anatula ndowa ya thobwa, anadutsa pakati pa abambo, analowa m'bango osafunsa njira. Anakaima pafupi ndi chikhomo chachitatu.

“Asanu, bambo a Faith. Munauzidwa kuti zalephereka, m'mawa mwake munakwera lole kuperekeza fodya ku okushoni. Mutabwera munandigulira chitenje. Simunafunse kuti anali ndani. Anali wamwamuna. Ali apa, pomwe mwakhoma chikhomo chanu.”

“Ndipo makutu a mwanayo anali anu omwewo,” anawonjezera aNachisale. “Oimirira.”

Wina anayamba kuseka n'kudzigwira pakamwa. A Gladson anayang'ana akazi awo. Kenako anatsamiritsa fosholo pa mkuyu n'kunena motsitsa, “Mayi a Faith, zula chikhomocho. Ine sindingafike pamenepo.”

A Jenipher anachizula, ndipo ife tinazula zotsalazo. Thobwa linamwedwa pansi pa mkuyu popanda dothi lomwe linakumbidwa.

Musaganize kuti zinathera pomwepo mokoma. Malo ena oyenera damu anapezeka kumtunda, koma anadya theka la dimba la tomato la a Gladson ndi mizere ya nzimbe ya a Edward. Kukangana kwake kunatenga milungu itatu, kuyankha kwa ku ofesi mwezi wina, mvula n'kugwa. Damu linakumbidwa chaka chotsatira. Chaka chonsecho, aliyense wolakalaka nsomba ankatchula dzina la aNachisale, ndipo sankalitchula mowadalitsa.

A Kelvin anabweranso ndi mnzawo wonyamula kamera. Anati nkhani imeneyi ndiyo mbiri yeniyeni ya mtsinje, ndipo ankafuna kuwajambula aNachisale akufotokoza, kuti pa mkuyu paikidwe chikwangwani cholongosola mwambowu. Anawapeza akusenda mtedza pakhonde, ndipo sanaleke kusenda.

“Chikwangwani cha chiyani? Kuti odutsa aziima n'kumaloza? Ndinanena kamodzi chifukwa makasu anali pakhosi pa ana. Si nyimbo yoti ndiziimba alendo akabwera.”

“Koma amayi, zikapanda kulembedwa, mawa kudzabwera ena osadziwa n'kulakwitsanso.”

ANachisale anaganiza kaye. “Pamenepo mwanena zoona. Bweretsani chipepala chanu chija.”

Anandiitanitsa kuti ndilembe ndine, poti iwo analekeza Sitandade 3. Pomwe panali mzere wofiira anandiuza mawu oti ndilembe: Pano pali eni ake. Funsani amayi. A Kelvin anafunsa ngati angawonjezere dzina lawo kuti ofunsa adziwe kolowera.

“Ine ndifa. Lembani amayi. Ndipo tsiku lina mukadzaitanitsanso msonkhano wa mbiri, mbatata akasende a Gladson.”

Amayi a Nancy mpaka lero sawapatsa moni aNachisale. Kuchitsime kuli ena amene amasiya kulankhula aNachisale akafika, ndipo akuti anavula amayi onse pamaso pa amuna awo. Nditawauza kuti zimenezi zimandiwawa, anandiyankha kuti moni sathira mu ndiwo. Chaka chatha mdzukulu wa amayi a Nancy zinamulephereka, ndipo kwa nthawi yoyamba m'zaka zonsezi aNachisale sanaitanidwe. Anapita okhaokha a pabanjapo. ANachisale anadikira masiku awiri, anatsikira kumtsinje, anapeza pomwe dothi linali lofukulidwa kumene. Anaikapo phale, anatchingira minga, n'kubwerera osauza munthu. Ine ndinadziwa chifukwa ndinawanyamulira chikwanje.

Nsungwi zomwe tinadzala zatalika kuposa munthu, ndipo chaka chino madzi anafika Okutobala asanaphwe. Mwendo wa aNachisale sukuwalolanso kulambula masiku anayi, choncho mu Ogasiti tinapita atatu: iwo, ine ndi a Jenipher. Ankatiyendetsa phale ndi phale, kutchula dzina motsitsa, ife n'kubwereza. Tikalakwitsa ankatibweza poyambira.

Tsiku lachiwiri tinamva khasu likulira kuseri kwa mkuyu. Anali a Gladson, okha, akulambula udzu wa kunja kwa mzere. Sanatipatse moni, ifenso sitinawafunse. ANachisale anawayang'ana kanthawi, manja ali m'chiuno.

“Apampando! Mulekeze pomwepo. Kunja n'kwanu, m'kati n'mwathu.”

“Ndamva, mayi.”

“Ndipo mzere wanuwo wakhota. Moto suona kuti walambula ndi apampando. Bwererani muyambirenso pa mkuyu.”

A Gladson anasenza khasu n'kubwerera pa mkuyu.